Chida cha abambo chikamakana kudzuka: thandizo lopanda opaleshoni

Moni abambo, ndi amayi amene mukuonera m'malo mwa amuna anu. Lero tikambe zomwe ambiri amangonong'onezana: chilakolako chilipo, koma chida sichikudzuka, kapena chikugona ntchito isanathe.

[Chithunzi: mitsempha ya magazi]

Chida chimalimba magazi akadzazamo n'kukhazikika. Mitsempha yake ndi yaing'ono kuposa ya kumtima, choncho shuga, BP, fodya ndi mafuta ochuluka m'magazi nthawi zambiri zimayamba kuonekera kumeneko. Ndiye musanagule piritsi, kayezetseni. Muwauzenso adokotala mankhwala omwe mukumwa kale, poti ena a BP ndi a matenda a maganizo amafooketsa chida.

[Mawu: sildenafil, tadalafil]

Piritsi lotchuka ndi sildenafil, yemwe ambiri amamudziwa ngati Viagra, ndipo anavomerezedwa ku America mu 1998. Amamwedwa kutatsala pafupifupi ola limodzi, mphamvu yake n'kukhala maola ngati 4. Mukadya zamafuta kwambiri amachedwa kugwira. Piritsi lina, tadalafil, mphamvu yake imafika mpaka maola 36. Apa mvetsetsani: mapiritsiwa sabweretsa chilakolako, amangotsegulira magazi njira. Popanda kuseweretsana, mudzati mankhwala ndi abodza pomwe ali bwinobwino.

Ngati mumamwa mankhwala a mtima a gulu la nitrate, monga nitroglycerin, musayandikire n'komwe mapiritsi a sildenafil kapena tadalafil. Akakumana, BP imagwa moopsa. Chenjeraninso ndi mankhwala ongolembedwa kuti "achilengedwe", poti ena anapezeka atasakanizidwa ndi sildenafil mobisa.

Mapiritsi akakanika, pali pampu yokokera magazi ku chida. Mumaveka mphete kutsinde kuti magazi asabwerere, koma isapitirire mphindi 30. Palinso alprostadil, wobaya m'mbali mwa chida ndi kasingano kakang'ono. Kumva kokha thupi limachita tsemwe, komabe amathandiza ambiri omwe mapiritsi anawakana. Mankhwala a testosterone, homoni yachimuna, ndi a okhawo omwe magazi aonetsa kuti ali nayo yochepa.

Nanga ngati m'mamawa chimadzuka, koma pamaso pa mayi chimagona? Kawirikawiri imeneyo ndi nkhawa. Mantha oti "ndilepheranso" ndiwo amalepheretsa, ndipo uphungu wa nonse awiri umathandiza. Kusiya fodya, kuchepetsa mowa ndi kuyenda ndawala zimachedwa kuonetsa zipatso, koma ndi zomwe zimasamala mitsemphayo.

[Mawu ofiira: MAOLA 4]

Chida chikalimba kupitirira maola 4 osagona, musadikire kuche. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mukachedwa chimatha kuwonongekeratu.