Mafunso a Odwala m'Chisipanishi: Bodza Lomwe Limandipweteka Mutu

Moni abale, takulandirani! Wodwala akamatuluka m'chipatala, kwina amapatsidwa fomu yomufunsa mmene anamwino amusamalira. Ku America kuli fomu yotere yotchedwa HCAHPS. Ku Britain mu 1996 kunatuluka ina yotchedwa Newcastle Satisfaction with Nursing Scales, mafunso 26 a zomwe wodwala anaona ndi 19 a kukhutira kwake. Ku Spain anaimasulira n'kuitcha CUCACE. Amachita bwanji pomasulira fomu yotere kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chisipanishi? Tithamange.

Choyamba, omasulira awiri, aliyense payekha. Chachiwiri, akhale pansi agwirizane fomu imodzi.

Chachitatu, ndipo apa khalani tcheru: munthu wina amene sanaone Chingerezi choyambacho amabweza fomuyo m'Chingerezi. Anthu ambiri amati zikafanana ndiye ntchito yatha. Bodza lenileni! Tengani mawu a Chisipanishi oti constipado. Ku Buenos Aires, ku Argentina, ndi munthu wodzimbidwa. Ku Madrid, ku Spain, ndi munthu wa chimfine. Womasulira wa ku Argentina alemba constipado, mnzake wa komweko abweza m'Chingerezi, zonse zigwirizana, aombera m'manja. Fomu ifika ku Madrid, agogo awerenga funso loti namwino anawathandiza pamene anali constipado, iwo n'kumaganiza za mphuno yotsekeka. Ayankha ndithu, koma ayankha funso lina. Pa kompyuta zioneka bwino, pamene namwino wagamulidwa pa nkhani yomwe sanafunsidwe. Zimandiwawa zimenezi.

Ngati mwapindula kale, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tipitirize.

Palinso yankho la Chingerezi loti fair, lomwe ambiri amalimasulira kuti regular. Kwa wolankhula Chisipanishi, regular ndi "bolaniko", choncho ambiri amalisankha, ndipo zotsatira zimaoneka zoipa kuposa mmene zilili. Kubweza m'Chingerezi sikungagwire zimenezo. Nanga tú (iwe) ndi usted (inu)? Inu mukudziwa kusiyana kwa iwe ndi inu. Fomu yonena gogo kuti iwe, angaidzaze ndi mtima wonse?

Chachinayi, komiti ya akatswiri iunike fomuyo, anamwino alimo. Chachisanu, malangizo a wofufuza Beaton ndi anzake a mu 2000 amati muyese fomuyo pa odwala 30 mpaka 40, n'kuwafunsa mmodzimmodzi kuti funso ili mwalimva bwanji. Apa ndi pamene constipado amagwidwira.

Anamwino amene mukuonera, lembani pansipa mawu omwe anasokonezapo wodwala wanu. Sabata yamawa tikamba za Cronbach's alpha, njira yoyezera ngati mafunso a pa fomu akugwirizana.