Dayisi wa mbali 20, pepala ndi pensulo: tiyambire pomwepa

Zikomo nonse mwabwera, amene muli kumbuyoko tasunthirani kuno pang'ono chifukwa kanthu kali mmanja mwangaka nkakang'ono simukaona muli patali. Uyu ndi dayisi, koma si wa mbali 6 uja munazolowera ayi, uyu ali ndi mbali 20, osewera amangoti d20. Tamuyendetsani aliyense amugwireko, koma abwerere kwa ine chonde.

Gemu tikukambayi, yomwe pa Chingerezi amati tabletop role-playing game, ndi yopeka nkhani pamodzi pa tebulo, ndipo imayenda chonchi. Anthu anayi kaya asanu mwazungulira tebulo, mmodzi ndi woyendetsa gemu, enanu aliyense ali ndi mtengambali wake, munthu wongopeka amene wamulemba papepala, dzina lake, mphamvu zake, zomwe amatha ndi zomwe zimamukanika. Woyendetsa uja ndiye maso ndi makutu anu, amakuuzani komwe muli ndi zomwe zikuchitika, kenako amafunsa funso limodzi lomwe mudzalimve kambirimbiri usiku wonse: mukuchita chiyani?

Tiyese pompano. Mwafika pa mlatho wa zingwe, pansi mtsinje wadzadza ukuchita kukokoma, tsidya linalo pali mlonda watsamira mkondo wake akuwodzera, ndipo mnzanu amene anagwidwa dzulo amutsekera mkanyumba kali kuseri kwa mlondayo. Achemwali apa, mukuchita chiyani? Eya, akuti awoloka monyang'ama. Ndiye ine ngati woyendetsa ndikuti izi nzovutirapo, mukufunika 15. Mtengambali wawo ndi wopepuka miyendo, papepala pake palembedwa +3, ndiye aponya d20 nkuwonjezera 3 pa nambala yomwe yatuluka. Ponyani achemwali... 4! Kuphatikiza 3 yakwana 7, siinafike.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa oyamba kumene ambiri dayisi akawakana amagwa mphwayi ngati aluza. Sanaluze. Woyendetsa wabwino sanena kuti mwalephera basi wotsatira, amati thabwa lina linali lofumbwa, lathyoka phwa, mwendo walowa mpaka mbondo, mlonda wadzidzimuka akufunsa ndani ameneyo. Tsopano achimwene awa amene anatsala kumtunda ayenera kuganiza msangamsanga, aponye mwala kwina kuti amusokoneze? akuwe ngati woledzera wosochera? Mwaona, nkhani yakoma chifukwa cha 4 uja. Akanaponya 19 bwenzi atangowoloka ziii, mawa palibe akanakumbukira.

Za komwe zinachokera ndingodutsamo. Gemu yoyamba ya mtunduwu kugulitsidwa ndi Dungeons & Dragons, inatuluka mu 1974 ku America, anaipanga ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson. Iwowa ankasewera magemu a nkhondo a tizidole ta asilikali pa tebulo, ndiye kunabwera nzeru yoti bwanji mmalo molamula gulu lonse la nkhondo aliyense akhale munthu mmodzi yekha. Kampani yomwe inkaisindikiza, TSR, inagulidwa ndi Wizards of the Coast mu 1997, ndipo mtundu wachisanu wa malamulo womwe ambiri anayambira masiku ano unatuluka mu 2014. Mu gemu imeneyi woyendetsa amamutcha Dungeon Master, mwachidule DM.

Mabuku ake akuluakulu alipo atatu, onenepa ndithu, ndipo apa ndi pomwe anthu amathawira, munthu kungoona kukula kwa bukulo amati izi nza anthu a masamu. Ine ndikuti musayambe ndi kuwerenga zonsezo. Malamulo oyambira anawaika pa intaneti kuti aliyense adawunilode, ndipo ngakhale amenewo wofunika kuwerengako ndi woyendetsa, enanu zokwanira tsiku loyamba ndi zomwe mwaona pa mlatho paja, kunena chomwe ukufuna kuchita, kuponya, kuwonjezera kanambala, kumva zotsatira. Pepala la mtengambali mu D&D lili ndi manambala akuluakulu 6, nyonga, changu cha thupi, kupirira, nzeru za mmutu, kuzindikira zinthu ndi kukopa anthu, koma ulendo woyamba tengani atengambali olembedwa kale, alipo ambiri, kupanga wanu mudzapanga mukadziwa kuti nambala iliyonse imagwira ntchito yanji. Madayisi seti yake amakhala 7, d4, d6, d8, d10 awiri, d12 ndi d20 uja, ngati mulibe pa foni pali ma apu oponya dayisi, seti imodzi imakwanira tebulo lonse bola kubwerekana. Lembani ndi pensulo osati bolopeni, manambala amasintha pafupipafupi mufufuta mpaka pepala kubooka.

Eya bambo, funso? Akufunsa ngati si juga imeneyi poti pali dayisi. Ayi bambo, palibe kubetcha, palibe ndalama pa tebulo, ndipo chodabwitsa nchakuti palibenso wopambana mnzake, osewera onse ali mbali imodzi, ngakhale woyendetsa amene amalankhulira zilombo ndi adani si mdani wanu. Enanso amada nkhawa ndi za matsenga zomwe zili mu D&D, si inu oyamba, ku America komweko zaka za mma 1980 makolo ena ndi mipingo ina anachita nayo mantha kwambiri. Ngati zimenezo sizikukusangalatsani palibe chokakamiza, magemu ndi ambirimbiri. Traveller ya mu 1977 ndi ya maulendo a mlengalenga ndipo imangofuna madayisi wamba awiri a mbali 6, Call of Cthulhu ya mu 1981 ndi yofufuza zinsinsi zoopsa, imeneyo ndi ya olimba mtima.

Nchifukwa chake musanayambe nkhani yaitali khalani kaye pansi mugwirizane, osewera amati session zero. Tikufuna nkhani yoseketsa kapena yoopsa? ndi zinthu ziti zomwe wina safuna zitchulidwe pa tebulo? tizikumana liti, maola angati? Funso lomalizali musalipeputse, magulu ambiri omwe ndawaona akutha sanathe chifukwa cha kukangana, anatha chifukwa tsiku lokumana limangosunthidwa mpaka anthu kuiwala kuti nkhani inalekera pati.

Amene mukufuna kuyendetsa gemu, mverani zomwe zinandigwera ine. Ulendo wanga woyamba ndinakonzekera masabata awiri, ndinajambula mapu a mzinda wonse, mayina a mafumu, mbiri ya nkhondo zawo, kope lonse kudzadza. Anzanga atafika pa doko anakumana ndi mkulu wina wopalasa bwato amene ndinangomutchula modutsa, analibe ndi dzina lomwe, basi anamukonda, maola atatu akucheza naye, kumufunsa za ana ake, mapeto ake anamulemba ganyu nkulowera kunyanja, mzinda wanga uja sanaupondemo olo phazi. Ndinapsa mtima mwakachetechete, koma iwo mpaka lero amati inali gemu yokoma kwambiri. Ndiye konzani zochepa, malo atatu, vuto limodzi, ndi kapepala ka mayina osungira anthu ongotulukira ngati mkulu wa bwato uja. Lamulo likakusokonezani pakati pa gemu musaimitse anthu mphindi 20 mukusanthula buku, gamulani zomwe zikuoneka zachilungamo, mukayang'ane mukamaliza. Ndipo diso lanu likhale pa munthu wofatsa uja amene sanalankhule, mumutchule dzina, inu nanga mukuchita chiyani, apo ayi olongolola awiri atenga gemu yonse.

Chabwino, nthawi yatsala ola limodzi ndi theka, ikwana. Gawanani anayi anayi, mapepala a atengambali ali apa tengani lililonse musasankhe kwambiri. Gulu la achemwali aja libwere kwa ine, mwendo wawo ukadali mu thabwa ndipo mlonda wayamba kuyenda pa mlatho. d20 wanga ali ndi ndani?