Seoul Inagwetsa Msewu, Mtsinje Unabwerera, Nanga Amalonda Aja?

[Chithunzi: msewu wa pazipilala, galimoto zili ndandanda pansi ndi pamwamba]

Moni nonse. Tayang'anitsitsani chithunzi ichi. Apa ndi pakatikati pa Seoul, likulu la South Korea, cha m'ma 2002. Msewu wina uli pansi, wina uli m'mwamba pa zipilala za konkire, ndipo pa tsiku pankadutsa galimoto pafupifupi 168,000. Koma pali chimene diso silikuona. Pansi pa phula lonseli pali mtsinje wokwiriridwa. Dzina lake ndi Cheonggyecheon.

[Chithunzi: malo omwewo lero, ana aviika mapazi m'madzi]

Ndipo apa ndi pomwepo lero. Msewu wam'mwamba uja kulibe.

Mtsinjewu ndi wakale ngati mzinda womwe. Mafumu a ufumu wa Joseon ankavutika nawo chifukwa nthawi ya dzinja unkasefukira. Mu 1760 Mfumu Yeongjo inasonkhanitsa anthu oposa 200,000 kuti aufukule mchenga. Amayi ankachapirako, ana ankasambamo. Zinthu zinasintha nkhondo ya ku Korea itatha mu 1953. Anthu othawa nkhondo komanso ochoka kumidzi anamanga zisakasa m'mphepete monse, zonyansa zonse n'kumathera m'madzimo. Akuluakulu a boma anaona ngati chilonda pamphumi pa mzinda, ndiye kuyambira 1958 anayamba kuuvundikira ndi konkire. Pofika 1976 anali atamaliza msewu wam'mwamba wotalika makilomita oposa 5, ndipo anthu ankaunyadira kuti ndiye chitukukocho.

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yathu yagona pamenepa. M'mbali mwa msewuwo munamera msika waukulu kwambiri. Ogulitsa zitsulo, mababu, mawaya, nsalu, nsapato, mabuku akale, ndi mavenda oyala katundu wakaunjika pansi. Masitolo ankakwana 60,000, ndipo odyerapo ankaposa 200,000. Wowotcherera ankadalira wogulitsa mabawuti wa khomo lotsatira, uyonso ankadalira wonyamula katundu. Pamalo pomwepa, pa msika wa Pyeonghwa, m'pamene telala wachinyamata Jeon Tae-il anadziwotcha mu November 1970 podandaula za nkhanza zomwe atsikana osoka zovala ankakumana nazo. Choncho malowa sanali msewu chabe. Panali thukuta la anthu.

[Chithunzi: ming'alu pa chipilala]

Nanga anaugwetseranji? Choyamba, unakalamba. Mu 1994 mlatho wa Seongsu, mumzinda womwewo, unagwa m'mamawa n'kupha anthu 32, ndipo kuchokera apo anthu anayamba kuyang'ana konkire wakale ndi diso lamantha. Pa msewu wam'mwamba uja analetsa galimoto zolemera. Kukonza kukanadya ndalama zambirimbiri.

Mu 2002 Lee Myung-bak anapikisana nawo pa mpando wa meya, lonjezo lake lalikulu lili loti agwetsa msewu n'kubwezeretsa mtsinje. Bamboyu anakhalapo mkulu wa kampani yomanga ya Hyundai, ndiye zogumula ndi kumanga ankazidziwa. Anapambana. Pa 1 July 2003 makina anayamba kudula msewuwo zidutswazidutswa, ndipo pa 1 October 2005 anthu anatsikira kumadzi. Makilomita 5.8, milatho 22, ndalama pafupifupi mawoni 386 biliyoni (woni ndi ndalama ya ku South Korea), zonse m'miyezi 27.

Funso lomwe aliyense ankafunsa ndi lomwe inunso mukufunsa: galimoto 168,000 zija zikadutsa kuti?

Ambiri ankati mzinda uuma gwa. Sunaume. Chifukwa chake n'chakuti chiwerengero cha galimoto sichili ngati madzi a m'ndowa, oti ukawachotsa muno ayenera kupeza ndowa ina yofanana. M'galimoto muli munthu, ndipo munthu amaganiza. Msewu ukakhala wotakasuka, amene akanakwera basi amatulutsa galimoto yake, mpaka msewuwo udzadzanso. Ukatsekedwa, wina amasintha nthawi yonyamukira, wina amadzera njira ina, wina amakwera sitima, winanso maulendo awiri amawaphatikiza kukhala umodzi.

Koma musatenge mfundoyi theka. Seoul sinangotseka msewu n'kuuza anthu kuti adzionere. Inali kale ndi sitima zapansi pa nthaka, ndipo mu July 2004 inasinthiratu kayendedwe ka mabasi. Anawapatsa njira yawoyawo pakati pa misewu ikuluikulu, anawapenta mitundu yosiyana malinga ndi komwe akupita, n'kubweretsa khadi limodzi la T-money loti munthu atsike basi akwere sitima osalipiranso mtengo wonse. Popanda zimenezi sindikhulupirira kuti zikanayenda.

[Kanema: madzi akuyenda pakati pa miyala, chimeza chaima m'madzi]

Zabwino zake n'zooneka. Nsomba ndi mbalame zinabwerera. Nthawi yotentha, m'mbali mwa madzimo mumazizirirapo kusiyana ndi misewu yapafupi. Masana ogwira ntchito m'maofesi amatsikirako kukapuma, madzulo kumadzadza mabanja.

Komabe madzi mukuwaonawa si a mtsinje weniweni uja. Cheonggyecheon mwachibadwa umaphwa mvula ikatha. Ndiye amapopa matani pafupifupi 120,000 pa tsiku kuchokera mumtsinje wa Han komanso madzi otuluka m'masiteshoni a sitima zapansi, n'kuwathira kumtunda kuti atsetsereke. Magetsi ake amalipiridwa chaka ndi chaka. N'chifukwa chake odziwa zachilengedwe ena amati ndi kasupe wochita kupanga, wamtali chabe. Odziwa mbiri nawo anadandaula kuti ntchito inathamanga kwambiri: mlatho wakale wamiyala wa Gwangtonggyo, womwe unapezeka pansi pa phula, anausuntha pamalo pake enieni kuti usatsekereze galimoto.

Zimenezo ndingazipirire. Chomwe chimandiwawa ndi cha amalonda aja.

[Chithunzi: mavenda atayala katundu m'bwalo la masewero]

Khonsolo inachita nawo misonkhano yoposa 4,000, ndipo nambala imeneyi imatchulidwa monyadira. Koma chipukuta misozi cha ndalama pa malonda omwe anaimitsidwa inakana kupereka. Mavenda a m'mbali mwa msewu anawasamutsira m'bwalo lakale la masewero la Dongdaemun. Sipanathe zaka zambiri, bwalolo nalo linagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba ya zionetsero ya Dongdaemun Design Plaza, ndipo mu 2008 anawanyamulanso kupita ku msika wina ku Sinseol-dong. Munthu kusamuka kawiri m'zaka zisanu, kasitomala wako akupeza bwanji? Amene munaona mavenda akuchotsedwa m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe mu 2006 mukudziwa kuti wogulitsa satsata denga labwino, amatsata mapazi a anthu.

Eni masitolo anawalonjeza nyumba yatsopano ya malonda, Garden Five, ku Munjeong-dong, kutali kumwera chakum'mawa kwa mzinda. Zikwi zingapo analembetsa. Itatha kumangidwa, mtengo wa malo unali wokwera kuposa momwe ankayembekezera, moti analowamo ndi ochepa. Mwa olowawo ambiri anasowa ogula. Mabawuti sagulidwa ndi munthu wodutsa. Amagulidwa ndi wowotcherera wa khomo lotsatira, ndipo iyeyo anali atatsala kwina. Panthawi yomweyo malo a m'mbali mwa madzi anakwera mtengo, nyumba zazitali zamagalasi n'kumamera pomwe panali timashopu. Lee Myung-bak anakhala pulezidenti wa dzikolo mu 2008, ndipo mtsinjewu unamuthandiza kwambiri kufika pamenepo.

Ine msewuwo ndikuti anachita bwino kuugwetsa. Koma luso lomwe anaonetsa powerengera komwe galimoto iliyonse ikadutse, akanalionetsanso powerengera komwe wogulitsa mababu akakhale, lendi yake ikhala zingati, ndiponso ngati anzake omwe amadalirana nawo apita limodzi. Zimenezi zinafunika kulembedwa ndi kusainidwa makina asanafike.

[Kanema: kamera ikutsika ndi mtsinje mpaka pa zipilala zitatu zoima m'madzi]

Mukatsika ndi madziwa chakum'mawa, mupeza zipilala zitatu za msewu wakale uja. Anazisiya dala, zili chiimire pakati pa mtsinje, china chogumuka mutu. Chakumtunda, pafupi ndi msika wa Pyeonghwa, pa mlatho pali chiboliboli cha Jeon Tae-il, ndipo njinga zamoto zonyamula mitolo ya nsalu zimamudutsabe tsiku lonse.