Kujambula galu kapena mphaka kamera ili m'manja popanda chimbuuzi

Takulandirani. Taganizirani chithunzi chotere: mpando umene mphaka wakhalapo ukuoneka bwinobwino mpaka ulusi wa nsalu yake, koma nkhope ya mphakayo ili chimbuuzi. Ambiri akaona zotere amaloza chala kamera, chonsecho vuto lagona pa kutalika kwa nthawi imene kamera inatsegukira kuwala, imene ojambula amaitcha shutter speed.

Chimbuuzi chimabwera ngati dzanja lanu lagwedezeka kapena ngati chiweto chasuntha. Pa za dzanja, ojambula amatsatira lamulo lakale lakuti lens ya 50mm imafuna 1/50 ya sekondi kapena kufulumira kuposa pamenepo, ndipo ya 200mm imafuna 1/200. Makamera ambiri amakono ali ndi image stabilisation, imene imachepetsa kugwedezeka kotereku. Komatu pachithunzi chathuchi mpando waoneka bwino, kusonyeza kuti dzanja silinalakwe. Amene anatembenuza mutu ndi mphaka, ndipo stabilisation singagwire mutu wa mphaka kuti ukhale phee.

Choncho sankhani liwiro molingana ndi zimene chiweto chikuchita. Ngati chakhala pansi, yambirani pa 1/250. Ngati chikuyenda kapena kusewera, 1/500. Galu wothamangira mpira amafuna 1/1000 kapena kuposa. Kuti muzisankha nokha liwiroli, ikani kamera pa S ngati ndi Nikon kapena Sony, pa Tv ngati ndi Canon, ndipo muyatse Auto ISO kuti kamera izisankha yokha ISO, nambala imene ikakwera chithunzi chimawala kwambiri.

Liwiro limeneli lili ndi mtengo wake, chifukwa mukachoka pa 1/250 kupita pa 1/500, kuwala kolowa kumachepa ndi theka. Mungakubweze potsegula kwambiri kabowo ka lens, kunena kuti aperture (pa S kapena Tv kamera imasankha yokha; kuti musankhe nokha ikani pa M), mpaka f/2.8 kapena f/1.8, poti nambala ikachepa kabowo kamakula, ngakhale kuti pa f/1.8 mukayandikira galu wa mphuno yaitali, diso lidzaoneka bwino koma mphuno idzasanduka chimbuuzi, motero f/4, imene kabowo kake n'kocheperako, imathandiza. Njira ina ndiyo kukweza ISO: kuchoka pa 800 kufika pa 1600 kumabwezeretsa theka lija. Ongoyamba kumene amaopa ISO yokwera chifukwa imabweretsa timadontho pachithunzi, koma ine ndimakonda chithunzi chatimadontho chimene ndevu za mphaka zikuwerengeka imodziimodzi kusiyana ndi chosalala chimene nkhope yafufutika. Timadontho timachepetseka pa kompyuta, pamene nkhope yofufutika n'kovuta kwambiri kuibweza.

Tsopano za ubweya, zimene zimasokoneza anthu ambiri. Kamera ikamayeza kuwala imayesetsa kuti zonse zituluke zotuwa pakatikati. Galu wakuda bii akadzaza chithunzi, kamera imaganiza kuti kuli mdima, n'kuwonjezera kuwala mpaka galuyo kutuwa. Mphaka woyera mbee imamuchepetsera kuwala, n'kutuluka ngati wagubuduka m'phulusa. Batani la +/- ndi limene limakonza zimenezi: kwa wakuda tsitsani kufika cha pa -1, kwa woyera kwezani cha pa +1, kenaka muone ngati ubweya ukuonekabe tsatanetsatane wake.

Flash ya pakamera muipewe. Kumbuyo kwa diso la galu ndi mphaka kuli kachikopa kotchedwa tapetum lucidum kamene kamabweza kuwala, n'chifukwa chake maso awo amanyezimira mobiriwira kapena mwachikasu. Kuli bwino kunyengerera chiwetocho kuti chikhale pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera cham'mbali.

Pa focus, kunena kuti malo amene kamera imalunjika kuti aoneke bwino, sankhani AF-C, kapena AI Servo pa Canon, kuti kamera izitsatira chiweto chikamasuntha, ndipo lozani diso limene lili pafupi ndi inu. Mukatero gwadani mpaka maso anu alingane ndi ake, panikizani zigongono kunthiti, dzanja lamanzere lichirikize lens chapansi. Muitaneni dzina kamodzi kokha, ndipo pamene makutu aimirira, dinani batani osalisiya, kamera mutaitchera kale kuti izijambula zithunzi zingapo motsatizana.