Zomwe wamalonda uja anagulitsa sizinali zinyalala

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Mateyu 13:45-46. Yesu akuti Ufumu wa Kumwamba uli ngati wamalonda wofunafuna ngale zabwino, amene atapeza ngale imodzi ya mtengo wapatali anapita kukagulitsa zonse zimene anali nazo n'kuigula.

Tikamawerenga fanizoli maso athu amathamangira pa ngale imodzi ija. Koma taimani kaye pa zomwe anagulitsazo. Munthuyu ntchito yake inali ya ngale, diso lake linali lozolowera kusankha zabwino zokhazokha. Katundu amene anatulutsa m'nyumba tsiku limenelo anali wabwino, wokhetsera thukuta, woti abale ake akanamugwira mkono n'kumufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. M'matchalitchi mwathu timamva maumboni ambiri a anthu amene anasiya mowa, kuba ndi chiwerewere, ndipo timathokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Umboni wosowa ndi wa munthu amene anasiya chinthu chopanda tchimo, chinthu chimene ankachikonda ndiponso chikumuyendera, chifukwa choti Ambuye anamuitana kwina.

Mmodzi mwa anthu otere ndi Dolores Hart, katswiri wa mafilimu wa ku America. Anabadwira ku Chicago mu 1938. Makolo ake banja linatha iye ali wamng'ono, ndipo zaka zina za ubwana wake anakulira kwa agogo. Agogo ake aamuna ankagwira ntchito yoyendetsa makina oonetsera mafilimu m'nyumba ya kanema, choncho mwanayu ankakhala nawo m'kachipinda ka makinako n'kumaonera. Sukulu anaphunzira ya Akatolika, ndipo ali ndi zaka 10 analowa mpingo wa Katolika mwa kufuna kwake.

Mwayi unamupeza msanga. Mu 1957, asanakwanitse zaka 20, anasewera limodzi ndi woimba wotchuka Elvis Presley mu filimu ya Loving You, ndipo chaka chotsatira anakumananso mu King Creole. Nthawi imeneyo dzina la Elvis linali pakamwa pa wachinyamata aliyense ku America, ndiye kuonekera pambali pake kunali kutsegukiratu kwa zitseko. Anasewera ndi akatswiri ena otchuka, Anthony Quinn ndi Montgomery Clift, ndipo mu 1960 filimu ya Where the Boys Are inamutchukitsa kwambiri. M'zaka zochepa chabe anapanga mafilimu 10. Anachitanso zisudzo za pa siteji ku Broadway, mumzinda wa New York, mpaka dzina lake linalowa pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya zisudzo yotchedwa Tony.

Ku Broadway komweko ndi kumene nkhani yathu ikuyambira. Sewero linkachitika usiku ndi usiku, mtsikanayu anatopa, ndipo mnzake wina anamulangiza kuti akapume ku nyumba ya masisitere a chipani cha Benedict Woyera yotchedwa Regina Laudis, ku Bethlehem m'chigawo cha Connecticut. Nyumbayi inakhazikitsidwa mu 1947 ndi Mayi Benedict Duss. Ndi malo a munda ndi ziweto, kumene masisitere amagwira ntchito ndi manja awo, ndipo kangapo pa tsiku amasiya zonse n'kulowa m'tchalitchi kukaimba Masalimo m'Chilatini. Dolores anapita kukapuma, koma mtima wake unatsalira komweko. Atafunsa ngati mwina Mulungu akumuitana ku moyo umenewo, amayi aakulu a nyumbayo sanamukokere mkati. Anamubweza kuti akapitirize ntchito yake, nthawi inali isanakwane. Ine ndimawalemekeza kwambiri mayi amenewa pa chinthu chimenechi. Mtsogoleri wina akanaona dzina lotchuka likugogoda pa chitseko akanatsegula tsiku lomwelo.

Anabwereradi ku Hollywood, kuchimake kwa mafilimu a ku America. Mu 1961 anasewera ngati Clare Woyera mu filimu ya moyo wa Francis Woyera wa ku Assisi, Clare uja amene anasiya chuma cha kwawo n'kumetedwa tsitsi kuti atsate Khristu mu umphawi. Ali ku Italy anakumana ndi Papa John XXIII. Mwini wake amafotokoza kuti atadzitchula dzina n'kunena kuti ndi amene akusewera ngati Clare, Papa anamuyankha kuti iye ndi Clare amene. Kaya Papayo ankangomulimbikitsa pa ntchito, koma mawuwo sanamuchoke.

Tsopano apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Dolores anali pa chibwenzi ndi mnyamata wina wa ku Los Angeles, wojambula mapulani a nyumba, munthu wopemphera amene ankamukonda moona. Ukwati unali utakonzedwa, ngakhale diresi inali itaganiziridwa kale ndi Edith Head, mayi wotchuka pa zovala za m'mafilimu. Panalibe nkhanza, panalibe chinyengo, panalibe chifukwa chilichonse chimene ankhoswe akanamva n'kugwedezera mutu. Komabe anamuuza mnyamatayo kuti sangathe kukwatiwa naye, chifukwa mtima wake unali utaperekedwa kale kwina. Mu 1963, ali ndi zaka 24, filimu yake yomaliza ya Come Fly with Me itangotuluka, analowa ku Regina Laudis.

Tisaikometsere nkhaniyi, abale. Zaka zoyamba zinali zowawa, ndipo iye mwini sabisa. Munthu wozolowera kuwomberedwa m'manja anapezeka ali m'munda, akumvera belu, akudzuka usiku kukapemphera, akukhala ndi akazi anzake amene sanawasankhe yekha. Ambiri kunja ankadikira tsiku loti atuluke. Malumbiro ake a moyo wonse anachita mu 1970, patatha zaka 7 akuyesedwa. Kuitanidwa ndi Mulungu sikuchotsa misozi. Petro anafunsa Ambuye poyera kuti, taonani ife tasiya zonse ndi kukutsatani, nanga tidzapeza chiyani? Yesu sanamudzudzule chifukwa cha funso limenelo, pakuti ankadziwa kuti maukonde ndi ngalawa zinali moyo wa munthu.

Nanga mnyamata uja? Iyenso analipira mtengo wa ngale imene sanaisankhe ndi iye. Sanakwatire moyo wake wonse. Chaka ndi chaka ankayenda ulendo wautali kuchoka ku California kupita ku Connecticut kukamuona, ndipo anachita zimenezi mpaka pamene anamwalira mu 2011. Akanatha kukwiya ndi Mulungu, akanatha kumunyoza mkaziyo kwa anthu, ndipo dziko likanamumvetsa. M'malo mwake anasandutsa chikondi chake kukhala ubale wa zaka pafupifupi 50. Timalalikira kawirikawiri za oitanidwa, koma sitikamba za otsala: mayi amene mwana wake yekhayo wapita ku seminale, mkazi wa mbusa amene wasiya abale ndi ntchito yake chifukwa mwamuna watumizidwa kudera lakutali, ana amene amagawana bambo wawo ndi mpingo wonse. Nsembe yawo siimbiridwa nyimbo, koma Atate amene amaona zobisika amaiona.

Wina asamve molakwa n'kuganiza kuti mafilimu anali uchimo umene Dolores anathawa. Iye sananyozepo ntchito yake yakale. Anakhalabe membala wa bungwe limene limapereka mphotho za mafilimu zotchedwa Oscar, ndipo ku nyumba ya masisitere kuja anathandiza kuti pakhale bwalo la zisudzo loti anthu a m'deralo azichitirapo masewero. Mu 2001 anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa amayi aakulu a nyumbayo. Mu 2012, ali ndi zaka 73, anaonekeranso pa mwambo wa Oscar atavala zausisitere, chifukwa filimu yaifupi yofotokoza za moyo wake inali pa mpikisano. Pa nthawiyi n'kuti akuvutika ndi matenda a mitsempha opweteka kwambiri, amene mu 2006 anapita kukawalankhulira ku nyumba ya malamulo ku Washington, kupempha kuti afufuzidwe mokwanira. Luso lija la kulankhula pamaso pa anthu Mulungu sanalitaye, analigwiritsa ntchito pothandiza odwala anzake.

Komanso si tonse tikuitanidwa kuchoka. Pa Maliko 5, munthu amene Yesu anamutulutsa ziwanda anapempha kuti apite naye m'ngalawa, koma Ambuye anamukaniza n'kumuuza kuti abwerere kwawo akauze abale ake zimene Mulungu anamuchitira. Kwa iyeyo kumvera kunali kutsala. Kwa ambiri a ife m'mawa uno kumvera ndi kupita ku ofesi, ku msika, ku munda kapena m'kalasi ndi kukagwira ntchito mokhulupirika. Funso lili pa mtima: kodi pa zabwino zimene Mulungu wandipatsa, chilipo chimene ndachigwira mwakuti ngakhale mwini wake atachipempha sindingatambasule dzanja? Kwa wina ndi udindo wa mu mpingo umene nthawi yake yosiyira ena inakwana kale. Kwa wina ndi mwana amene mukufuna atsate njira yanu pamene Mulungu akumuonetsa yake. Kwa wina ndi ndalama zosungidwa bwino zimene m'bale wodwala akuzifuna lero.

Tiyeni tipemphere. Atate, zabwino zonse zimene tili nazo zachokera kwa Inu. Tipatseni makutu akumva pamene mukutiitana, ndiponso alangizi oona amene sadzatithamangitsa kapena kutitsekereza. Limbitsani achinyamata amene akulimbana ndi maitanidwe m'mitima mwawo ndipo akuopa kuuza makolo. Tonthozani amene anatsala pamene okondedwa awo anapita kukakutumikirani kutali. Gwirani odwala amene usiku wathawu sanagone ndi ululu. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.

Muyende bwino kuntchito, ndipo amene muli m'chipatala kapena pa maliro Ambuye akhale nanu lero.