Kumbuyo kwa Datsun 120Y: tiyambe ndi dzimbiri, penti idikire kaye

Muli bwanji abale anga, lero tili kuno ku Highfield pansi pa Datsun 120Y ya amalume anga, galimoto zimenezi zinayamba kutuluka mu 1973 ndipo muno mu Harare palibe wamkulu amene sazidziwa. Iyiyi yakhala zaka kuseri kwa nyumba, kumbuyoku yapendekera mbali imodzi, ine ndikaiona chonchi mtima umandiwawa chifukwa ndi imene inkatitenga popita kutchalitchi tili ana.

Choyamba mudziwe kuti 120Y ilibe chesisi yapayokha ngati lole, zitsulo ziwiri zoyenda m'litalizi anaziwotcherera limodzi ndi bodi, ndiye zikadyeka galimoto yonse yafooka. Ndaikhazika pa masitandi achitsulo, osati pa jeki yokha kapena njerwa, chonde abale, njerwa imaphwanyika muli pansi.

(Kamera iyandikire)

Taonani apa pamene sipuling'i ya kumbuyo imagwira ku bodi kutsogolo kwake. Ndikugogoda ndi hamala, mwamva? Apa pakuti ngwee, chitsulo chilipo. Koma apa pakuti phuu, ndipo sikuludiraiva yangolowa ngati mu mbatata yophika. Matope a dzinja amakhala m'menemu osauma, dzimbiri nkumadya kuchokera mkati, kunja penti ikuoneka bwinobwino.

Musanadule kanthu tengani tepi muyeze mopingasa, kuchokera pa bauti ya sipuling'i ya kutsogolo kumanzere kufika ya kumbuyo kumanja, kenako mbali inayo, mulembe. Ambiri amadumpha apapa ndiye mumaona galimoto ikuyenda chammbali ngati nkhanu, matayala nkumatha mbali imodzi. Chotsani thanki ya petulo ndi batile, dulani podyekapo mpaka mufike pa chitsulo chowala, chigamba chikhale chokhuthala mofanana ndi chakale, ndipo powotcherera muzidonthetsa pang'onopang'ono uku ndi uku, mukathamanga nazo kutentha kumapinda chitsulo miyezo yanu ija nkutayika.

Masipuling'i awa ndi amasamba osanjikiza, pakati pali bauti imodzi yowagwira, ikathyoka difu, chitsulo chija cholumikiza matayala akumbuyo, imasuntha. Masulani, tsukani tsamba lililonse muone ngati lang'aluka, ndipo ngati mukusintha sinthani mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mashoki. Ma U-bolt akale, mabauti opindika aja omangira sipuling'i ku difu, ine sindibwezeretsa, anakokeka kale. Mukamapita kukagula zipangizo za galimoto ku Kaguvi Street kapena ku Gazaland nyamulani bushi yakale, labala ija yokhala kumapeto kwa sipuling'i, m'thumba mukafananize ndi maso anu.

Pomaliza penipeni, mabauti a mabushi musawalimbitse galimoto ili m'mwamba. Itsitseni iime pa matayala ake, muigwedeze kawiri katatu ikhazikike, ndiye limbitsani, apo ayi labala imakhala yopotoka ndipo sichedwa kung'ambika.

Amalume akuti sabata ya mawa tilowe ku mabuleki, ndiye tidzatsegula madiramu awa limodzi.