Mawu amene ndinameza, ndinakamulavulira mnzanga

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku kapena mwangoweruka kumene. Ine ndikujambula ndili m'chipinda changa kuno ku Manchester, mvula ikumenya windo monga mwa masiku onse, ndiye mukamva phokoso musadabwe.

Lero ndiulula zimene ndinamuchita mnzanga wa kuntchito.

Ndinabwera mu 2022, chaka chimene boma la UK linalola osamalira okalamba kubwera pa viza ya Health and Care Worker. Amene muli pa viza imeneyi mukudziwa kuti imamangirira munthu ku kampani imene inamuitana. Ntchito ikatha, Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko, imakupatsa masiku 60 kuti upeze ina, apo ayi ulongedze. Ndiye wamkulu akakunyoza, umameza. Sinia wathu wina, wotiyang'anira pa ntchito, ankakonda kundifunsa pa handover, nthawi yopatsirana malipoti posinthana shifiti, anthu onse ali pomwepo, kuti: "Kodi kwanuko sanakuphunzitseni kulemba?" Mlandu wanga unali kulemba malipoti mwachidule. Ndinkaseka nawo, kenako n'kukalirira kuchimbudzi.

Patatha chaka kunabwera mtsikana wa ku Kerala, ku India. Usiku wina anaiwala kulemba pa tchati madzi amene agogo ena anamwa. Abale anga, pakamwa panga panatuluka funso lomwe lija, liwu ndi liwu, anthu akumva. Iye anangoti pepani, n'kuzyolika. Kuzyolika kumeneko ndinakudziwa, kunali kwanga.

Chimene chinandigwira mtima ndi maphunziro a dementia, matenda oiwalaiwala aja, amene anatitumizako. Mphunzitsi anatchula Tom Kitwood wa ku University of Bradford, amene m'zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti kulankhula wodwala ngati mwana, kumufulumizitsa, kapena kukamba za iye ngati palibe ali pomwepo, kumamuwonjezera mavuto. Agogo akafunsa kakhumi kuti mayi awo abwera liti, suwauza kuti "ndakuuzani kale, anamwalira." Umakhala pansi kuti maso alingane, n'kufunsa: "Mwawasowa amayi? Anali munthu wotani?" Ndili m'kalasimo manyazi anandigwira. Ulemu wonsewu ndimapatsa agogo, koma munthu amene timanyamula naye agogo omwewo maola 12, ndimamukalipira ngati wantchito wanga.

Mtsikana wa ku Kerala uja ndinamupeza m'chipinda chopumira, tili awiriwiri. Ndinati: "Achemwali, ndinakulakwirani. Vuto linali tchati, koma ine ndinanyoza inuyo ndi kwanu komwe." Analira, inenso ndinalira, tiyi n'kuzizira. Ndi pamenepo pamene anandiuza kuti usiku umenewo anali yekha pa zipinda zambiri chifukwa wina sanabwere. Ine sindinafunse n'komwe.

Musamve ngati ndikuti zolakwika tizingozisiya ayi. Tchati cha madzi si chamasewera. Wokalamba akachepa madzi m'thupi amasokonezeka mutu, amatha kugwa, ndipo a Care Quality Commission, bungwe loyendera malo osamalira anthu, akabwera amawerenga zolembazo. Koma masiku ano ndimamuitanira munthu pambali, n'kunena chimene ndaona: "Tchati cha chipinda chakutichakuti chilibe kanthu kuyambira 2 koloko. Kunavuta chiyani? Tiyeni tikaone limodzi." Modabwitsa, anthu amayankha zoona akafunsidwa chonchi. Ukawakalipira amangophunzira kubisa, ena mpaka kulemba manambala a m'mutu.

Nanga sinia uja? Zinanditengera milungu kuti ndilimbe mtima. Ndinayamba ndalemba m'kabuku tsiku lililonse limene ananena mawu aja ndi amene analipo, chifukwa lamulo la Equality Act 2010 limaletsa kuzunza munthu kuntchito chifukwa cha mtundu wake kapena dziko limene achokera, ndipo a Acas, bungwe lothandiza pa mikangano ya kuntchito, amapereka malangizo ulere pa nkhani zotere. Kabukuko sindinakagwiritse ntchito. Ndinangomuuza kuti: "Mukatchula kwathu pagulu zimandipweteka. Ngati lipoti laperewera, ndiuzeni chimene chikusowa." Nkhope inafiira, akuti ankangoseka. Sanapepese, ndipo sitinakhale mabwenzi. Koma funso lija sindinalimvenso, kwa ine kapena kwa mtsikana wa ku Kerala.

Alamu yalira, yunifolomu sindinasite. Tikumanenso Lachinayi.